Luso Limene Bwana Sangalione Silipezetsa Ntchito

Mnyamata akafika pagalaja ku Biwi kapena pamalo owotcherera ku Ndirande n'kunena kuti "Bwana, ntchitoyi ndimaitha," mwini malo amakhala ndi funso limodzi mumtima: ndidziwa bwanji? Kuti amuyese, ayenera kumupatsa makina ake, chitsulo cha kasitomala ndi masabata angapo. Mnyamatayo akakhala kuti amanama, fulemu ya chitseko yapindika, kasitomala wathawa, mwinanso zida zina zasowa. Ndiye mwini malo amachita zimene munthu aliyense wosamala chuma chake angachite. Amatenga mwana wa mlongo wake, kapena mnyamata wa kutchalitchi kwawo amene makolo ake amawadziwa. Ife timati n'kukondera, ndipo mbali ina n'kukonderadi. Koma mbali yaikulu ndi mantha a munthu amene alibe njira ina yodziwira mlendo.

Ndondomeko zathu zothana ndi ulova wa achinyamata zimayambira pa ganizo lakuti chikusowa ndi luso. N'chifukwa chake pamwamba pa makoleji akuluakulu asanu ndi awiri a ntchito zamanja, monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Livingstonia, boma linayamba mu 2015 kutsegula makoleji am'madera. N'chifukwa chakenso olemba ntchito amalipira msonkho wothandizira maphunziro a ntchito zamanja wotchedwa TEVET, umene ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Palibe cholakwika ndi kuphunzitsa. Chimene ndikutsutsa n'chakuti tathira pafupifupi mphamvu zathu zonse pa kuphunzitsa, n'kusiya kumbuyo chinthu chotsika mtengo kwambiri chimene kafukufuku wa zaka zaposachedwapa mu Africa muno wasonyeza kuti chimathandiza: umboni wa luso umene munthu wosakudziwa angaukhulupirire.

Kafukufuku amene ndikunenayu si wofunsa anthu kuti "kodi maphunziro anakuthandizani?" Ku funso limenelo aliyense amayankha kuti eya, mwaulemu. Ofufuza amatenga achinyamata onse amene afunsira malo, n'kuchita maere. Ena amalowa m'maphunziro, ena amadikira. Pakapita miyezi kapena zaka, amayerekeza magulu awiriwo. Popeza maere sasankha wanzeru kapena wodziwika, kusiyana kumene kwapezeka kumachokera ku maphunzirowo. Njirayi ndi yofunika chifukwa achinyamata ambiri amapeza kantchito kena pakapita nthawi, aphunzitsidwe kaya asaphunzitsidwe. Bungwe likanena kuti theka la ophunzira ake lili pantchito, silinatiuze kanthu mpaka titadziwa kuti mwa anzawo amene sanaphunzitsidwe ndi angati ali pantchito.

Mu 2017 David McKenzie wa ku World Bank anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wotere wochokera m'maiko osiyanasiyana amene akutukuka kumene. Anapeza kuti pa achinyamata 100 alionse ophunzitsidwa ntchito zamanja, owonjezera amene amapeza ntchito chifukwa cha maphunzirowo ndi awiri kapena atatu basi. Pamene kuphunzitsa munthu mmodzi kunkadya madola 1,000 mpaka 2,000 a ku America. Werengerani nokha mtengo wa ntchito imodzi.

Kuno kwathu tili ndi phunziro lathulathu. Cha m'ma 2010 ndi 2011, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA linatumiza achinyamata azaka 15 mpaka 24, ambiri mwa iwo ana amasiye ndi osiyira sukulu panjira, kukaphunzira kwa amisiri m'malo awo antchito kwa miyezi itatu. Osankhidwa analipo 1,900, ndipo maere ndi amene anaonetsa oyamba ndi odikira. Ntchito zake zinali umakaniko, kusoka, zomangamanga, zachitsulo, kukonza tsitsi ndi zina. Ofufuza, amene pakati pawo panali Yoonyoung Cho ndi Mushfiq Mobarak, anapeza kuti ophunzirawo anawonjezeradi luso ndipo anyamata makamaka ankadzidalira kuposa kale. Koma patangotha miyezi yochepa chimalizireni, ndalama zimene ankapeza sizinkasiyana ndi za anzawo amene ankadikirabe. Tivomereze kuti miyezi yochepa ndi nthawi yaifupi yoyezera zipatso za maphunziro. Komabe kafukufukuyu anaulula zinthu zimene zikanakonzeka mosavuta. Ena mwa osankhidwa uthenga wowaitana sunawafike n'komwe. Atsikana ankasiyira panjira chifukwa cha mtunda wopita kwa mmisiri, matenda pakhomo, ukwati ndi ntchito zapabanja, ndipo amene anapirira anadya ndalama zawo zimene anasunga kuti akwanitse kufika kumapeto. Bungweli liyenera kuyamikiridwa chifukwa linalola kuyezedwa. Mabungwe ambiri ophunzitsa achinyamata m'dziko muno sanayezedwepo chotere.

Funso limene kafukufuku wa kwathuyo sanayankhe linayankhidwa ku Uganda. Kumeneko ofufuza mogwirizana ndi bungwe lachitukuko lomwe si la boma la BRAC anatsatira achinyamata 1,700 kwa zaka zinayi. Gulu lina linapita kusukulu ya ntchito zamanja kwa miyezi isanu ndi umodzi n'kulandira satifiketi. Gulu lina linaphunzira kwa miyezi yomweyo m'malo antchito ang'onoang'ono, mwini malo akulandira ndalama yothandizira malipiro. Atawayesa, magulu onse awiri anali atapeza luso lofanana pa ntchito zawo. Poyamba, ophunzira kwa amisiri ndiwo anafulumira kupeza ntchito, popeza anali kale pamalopo. Koma m'kupita kwa zaka phindu lawo linazilala, pamene la anzawo a satifiketi linakhazikika. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ntchito za achinyamata sizikhalitsa. Malo atsekedwa, oda yatha, mwakangana ndi bwana. Ntchito ikatha, wa satifiketi amanyamula umboni wake kupita nawo kwa bwana wina. Wophunzira kwa mmisiri luso lake limadziwika ndi munthu mmodzi yekha, ndipo akachoka pamenepo amayambiranso kukhala mlendo.

Wina anganene kuti mwina sukulu inaphunzitsa zambiri zimene mayeso sanagwire. Ndiye tiyeni tione kumene sanaphunzitse chilichonse, anangopereka umboni. Ku Johannesburg, bungwe lothandiza achinyamata kupeza ntchito la Harambee linayesa achinyamata ofuna ntchito oposa 6,800 pa zinthu zisanu ndi chimodzi, monga masamu, kumva ndi kufotokoza uthenga, kukonzekera ntchito ndi kupirira. Ena anapatsidwa satifiketi yokhala ndi dzina lawo ndi chizindikiro cha bungwe, makope angapo, kuti azionetsa pofunsira ntchito. Ena anangouzidwa zotsatira zawo papepala lopanda chizindikiro. Ena sanalandire kanthu. Patapita miyezi itatu kapena inayi, mwa amene sanalandire kanthu pafupifupi 31 pa 100 alionse anali pantchito, koma mwa a satifiketi anali pafupifupi 36, ndipo ndalama zimene gulu la satifiketi linkapeza zinakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Amene anangodziwa okha zotsatira zawo sanapindule chotero. Yerekezani ndi awiri kapena atatu a McKenzie aja: asanu owonjezera pa 100, popanda kalasi, popanda mphunzitsi, popanda chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi. Ku Addis Ababa, likulu la Ethiopia, ofufuza ena anapeza zofanana. Achinyamata amene anathandizidwa kulemba kalata yofunsira ntchito ndi kuyesedwa luso ankalandira ndalama zambiri patatha zaka zinayi, pamene phindu la amene anangopatsidwa ndalama yokwerera basi pofunafuna ntchito linali litatha.

Chotsika mtengo kuposa zonse ndi kalata ya umboni yochokera kwa bwana wakale, ndipo pano ndikufuna kukhalitsapo chifukwa ndi chinthu chimene unduna wa zantchito ungayambe chaka chino osadikira ngongole ya wina aliyense. Martin Abel, Rulof Burger ndi Patrizio Piraino anayesa kalata yotere m'maofesi a boma a zantchito m'chigawo cha Gauteng ku South Africa. Anakonza fomu ya tsamba limodzi imene bwana wakale amangodzaza. Makalata ofunsira ntchito opanda fomuyi ankayankhidwa pafupifupi 4 pa 100 alionse. Okhala ndi fomuyi ankayankhidwa pafupifupi 7. Amayi ndiwo anapindula koposa.

Lamulo lathu la zantchito la chaka cha 2000 lili kale ndi poyambira. Ndime 31 imati ntchito ikatha, wantchito akapempha, bwana ayenera kumupatsa chikalata chosonyeza dzina la bwanayo, mtundu wa bizinesi, nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Imanenanso kuti chikalatacho chisakambe za kagwiridwe kake ka ntchito pokhapokha mwiniwakeyo atapempha. Antchito ochepa kwambiri ndi amene amadziwa ndimeyi, ndipo mwini golosale kapena foromani wa pasaiti ukamupempha kalata amasowa poyambira. Sikuti ndi woipa mtima. Sanalembepo kalata yotere m'Chingerezi, ndipo alibe nthawi. Fomu yokonzeratu imachotsa vuto limeneli.

Fomuyo ikhale tsamba limodzi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Pamwamba pakhale dzina la wodzaza, nambala yake ya foni, ndi kuti wagwira ndi mnyamatayo kapena mtsikanayo miyezi ingati, monga ndani wake. Pakati pakhale mizere itatu yolembapo ntchito zenizeni, osati mawu ongoyamikira. Kulemba kuti "amawotcherera mafulemu a mawindo yekha, koma pa denga lachitsulo amafuna womuyang'anira" kumathandiza bwana watsopano kuposa kulemba kuti "ndi mwana wabwino." Kenako mabokosi ochonga, kuyambira "amalephera" mpaka "amachita bwino kwambiri," pa zinthu monga kufika pa nthawi yake, kusamala zida, kuyeza ndi kuwerengera, kuyankhula ndi makasitomala, ndi kukhulupirika pa ndalama. Funso lomaliza likhale lakuti, kodi mungamulembenso ntchito? Mafomu osadzaza azipezeka ku leba m'maboma onse, m'makoleji a ntchito zamanja, ndiponso azitumizidwa pa WhatsApp kuti munthu akasindikize yekha. Wodzaza akhale munthu amene anaona ntchitoyo ndi maso ake. Kalata ya a mfumu kapena ya abusa ili ndi ntchito yake, koma imachitira umboni za kumene munthu achokera, osati za manja ake.

Pali zimene zimasokoneza, ndipo n'kofunika kuzidziwiratu. Ofufuza a ku Gauteng aja anapeza kuti fomu imene bwana wachonga "bwino kwambiri" paliponse siithandiza. Olemba ntchito saikhulupirira, pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Choncho pafomupo palembedwe poyera kuti wodzaza atchule chinthu chimodzi chimene wantchitoyo akufunika kuphunzirabe, ndipo achinyamata auzidwe kuti fomu yokhala ndi chofooka chimodzi ndi yamphamvu kuposa yoyera mbee. Anapezanso kuti mwa amene analimbikitsidwa kukatenga kalata, ndi atatu okha pa khumi alionse amene anabwera nayo. Kubwerera kwa bwana wakale patapita chaka n'kovuta: wasamuka, mtunda watalika, kapena munasiyana mosakondwa. Fomuyo izidzazidwa tsiku lolandira malipiro omaliza, ndipo pa ntchito zonse za boma zolemba achinyamata kwa kanthawi, kuphatikizapo pulogalamu yotumiza omaliza maphunziro a ukachenjede kukaphunzira ntchito m'maofesi, ikhale mbali ya mapepala otsekera.

Makalata abodza adzakhalapo. Mankhwala ake ndi foni ya mphindi ziwiri. Bwana watsopano aimbire nambala ili pafomuyo n'kufunsa zinthu zimene mnzake wongonamizira sangayankhe msanga: mnyamatayu anayamba mwezi uti, ankagwiritsa makina anji, ntchito yomaliza imene munamupatsa inali yotani? Chinanso chimene sitiyenera kuchibisa n'chakuti mtsikana akamadalira siginecha ya bwana wamwamuna, alipo abwana amene adzafuna kumulipiritsa m'njira yonyansa. N'chifukwa chake mbali ya chikalata imene lamulo limalamula isamaoneke ngati chifundo cha bwana, ndipo mtsikana amene wakanizidwa akhale ndi mwayi wopempha ofesi ya leba kuti ikatenge m'malo mwake.

Kalata imathandiza amene anagwirapo ntchito. Nanga khamu lija la amisiri amene anaphunzirira pansi pa mtengo ku Mchesi, kapena m'misika ya ku Mzuzu ndi ku Mangochi, ena mwa iwo odziwa ntchito kuposa omaliza ku koleji? Awa amafunika mayeso a manja. Njira yake ilipo kuyambira kale. Amisiri achikulire amadziwa Trade Test ndi magiredi ake, 3 kenako 2 mpaka 1, ndipo TEVETA ili ndi ndondomeko yozindikira luso limene munthu anaphunzira kunja kwa sukulu. Chovuta si kusowa kwa lamulo koma mtengo wofikira pamayesopo. Kalipentala wa ku Nthalire kapena ku Makanjira ayenera kupeza ndalama ya mayeso, ya basi, ya pogona, n'kutsekanso shedi yake masiku angapo. Ambiri amawerengera n'kusiya. Mayeso ndi amene ayenera kupita kwa iwo. Makoleji am'madera ali kale ndi mabenchi ndi zida. Oyesa azifika kumeneko kawiri pachaka, pa masiku odziwikiratu olengezedwa pa wailesi zam'madera, ndipo mwezi wake usagwere nthawi yobzala. Woyesa asakhale amene anaphunzitsa woyesedwayo. Satifiketi ituluke pasanathe masiku 30, chifukwa imene yafika patatha chaka imapeza mwiniwake atapita kale ku Joni. Ikhale ndi nambala imene bwana angatumize pa foni n'kulandira yankho lakuti ndi yeniyeni kapena ayi. Ndipo pamene boma kapena bungwe likulipira mmisiri kuti aphunzitse achinyamata, gawo lomaliza la ndalama yake lizituluka wophunzira akalemba mayeso. Popanda zimenezi mmisiri amapindula kwambiri akasunga wophunzira wake wopanda pepala, chifukwa wotero sathawa ndipo sapempha malipiro okwera.

Tsopano kwa amene akuti zonsezi n'kungosintha mzere wa anthu odikira ntchito zimene kulibe. Mfundo yawo ndi yolemera. Kafukufuku wa ofesi yowerengera anthu ya NSO wa mu 2013 anapeza kuti 89 pa 100 alionse ogwira ntchito m'Malawi anali pa ntchito zosalembetsedwa, ndipo 64 pa 100 anali mu ulimi. Malova, tikawerengera ndi amene anatopa kufunafuna, anali mmodzi mwa asanu alionse. Satifiketi siyatsa magetsi akazima, siibweretsa ndalama zakunja zogulira zipangizo, ndipo siitsitsa chiwongoladzanja cha kubanki. Ku France ofufuza anaonadi kuti achinyamata othandizidwa kupeza ntchito ankangotenga malo a anzawo amene sanathandizidwe, makamaka m'madera amene ntchito zinali zochepa. Zimenezi zingachitike kunonso, ndipo aliyense wolonjeza ntchito miliyoni imodzi kudzera m'mapepala akunama.

Komabe pali ziwiri zimene otsutsawa amaiwala. Choyamba n'chakuti mantha a mwini galaja aja samangosankha wolembedwa, amachepetsanso olembedwa. Alipo eni mabizinesi ang'onoang'ono amene ntchito yawachulukira koma salemba munthu chifukwa choopa mlendo. Ku Ghana, boma litathandiza kufikitsa ophunzira ntchito kwa amisiri ang'onoang'ono, amisiriwo sanachotse antchito ena kuti apereke malo. Malo awo antchito anakula ndipo phindu lawo linakwera, makamaka kumene analandira achinyamata akuthwa m'mutu amene sakanakwanitsa ndalama imene amisiri kumeneko amalipiritsa wolowa kudzaphunzira ntchito. Chachiwiri n'chakuti ngakhale wodzilemba yekha ntchito amakumana ndi funso lomwe lija. Mayi amene akumanga nyumba ku Area 49 akafuna wolumikiza mawaya a magetsi amaopa moto, ndipo amafunsa kuti ndidziwa bwanji. Kontrakitala wolandira ntchito yomanga sukulu kuchokera ku khonsolo amafuna amisiri a mapepala. Ndipo ngakhale chiwerengero cha ntchito chitakhala chosasintha, si nkhani yaing'ono kuti mwana wamasiye wa manja abwino apeze malo amene akanapita kwa mphwake wa bwana wosadziwa kugwira sikweya. Ku Addis Ababa kuja amene anapindula kwambiri ndi omwe nthawi zonse amatsalira pa msika wa ntchito.

Zotsatira za m'mizinda ya ku Uganda kapena ku Johannesburg si lonjezo la zimene zidzachitike ku Balaka. Mizinda imeneyo ili ndi makampani ambiri kuposa yathu, choncho tiyenera kuyeza tokha, ndipo kuyezako sikufuna akatswiri ochokera kunja. Pafupifupi pulogalamu iliyonse ya achinyamata kuno imalandira ofunsira ambiri kuposa malo. Pakati pa oyenerera, malo aperekedwe mwa maere ochitikira pagulu, zimene zimachotsanso dandaulo lakuti malo anapita kwa ana a chipani. Aliyense wofunsira, wopambana ndi wotsala yemwe, asiye manambala atatu a foni: yake, ya kholo kapena womuyang'anira, ndi ya mnzake, popeza achinyamata amasintha manambala pafupipafupi. Awaimbire pakatha miyezi 6, 12 ndi 24. Mafunso akhale a zinthu zowerengeka: sabata yathayi munagwira masiku angati, munapeza ndalama zingati mutachotsa zogulira zipangizo, ndipo ntchitoyo ndi imene munaphunzira kapena ina? Oimba asakhale ogwira ntchito ku bungwe limene linaphunzitsa. Amene sakupezeka pafoni afunidwe kumudzi, asangochotsedwa pamndandanda, chifukwa kawirikawiri osapezekawo ndi amene zinthu sizinawayendere, ndipo kuwasiya kumakometsa lipoti mwabodza. Komiti ya Nyumba ya Malamulo ikamaona za bajeti ya unduna wa zantchito ndi ya TEVETA, izipempha manambala a miyezi 24 amenewa, a magulu onse awiri, isanamve kuti chaka chatha anaphunzitsa angati.